Tindege ta balsa, ta chiwale ndi ta batire

Lero za mayeso ndi za malipiro ndaziika pambali. Ndikufuna ndikambe mbiri ya chinthu chimene akuluakulu ambiri kwathu kuno amati n'zachibwana, ndicho tindege tomanga pamanja.

Aliyense wokulira kwa Mavwere anaonapo kandege ka mawaya kapena ka mapesi. Ana athu amakamanga mwaluso ndithu: mapiko awiri, mchira, mateyala a zitsekerero za mabotolo, ndi pulopela wa chitini amene amazungulira mwana akamathamanga. Ena amafika pojambula mawindo ndi kulemba dzina la kampani m'mbali. Koma kandegeko kamakhala pa ndodo, ndipo ukakaponya kamagwa ngati mwala. Ana omwewa amamanga galimoto ya mawaya yokhota ndi chiwongolero, ya masipuling'i ogwira ntchito, ndiye nkhani ya kusowa luso palibe. Chimene ndaona ine n'chakuti mwana amatengera maonekedwe a ndege imene waiona kumwamba kapena m'buku, pomwe zinthu zimene zimaulutsa ndege sizioneka ukakhala pansi. Zinthuzo n'zochepa, ndipo anthu amene anazitulukira anayambira pa tindege tating'ono ngati tomweti.

Woyamba ndi Mngerezi George Cayley. Mu 1804 anatenga kaiti ya pepala, n'kuimangirira pa ndodo mopendeketsa pang'ono, kumbuyo n'kuikako mchira, kutsogolo n'kuikako kachitsulo kotha kusuntha. Ataiponya pamtunda inatsetsereka bwinobwino mumpweya. Phiko kutsogolo, mchira kumbuyo, kulemera kuli pamalo pake. Ndege iliyonse imene mumaiona ikutera pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi ili ndi dongosolo lomwelo.

Koma munthu amene ndimamukonda m'mbiri imeneyi ndi Alphonse Pénaud wa ku France. Anali mnyamata wodwaladwala, wa vuto la m'chiuno, moti ntchito ya usilikali wa panyanja imene bambo ake ankagwira iye sakanaitha. Pa 18 August 1871 anaulutsa kandege kake pamaso pa akatswiri m'munda wa Tuileries ku Paris. Kanali kotalika pafupifupi theka la mita, kolemera magalamu 16 okha, ndipo injini yake inali mphira wopota amene ankazunguza pulopela kumbuyo. Kanauluka mamita pafupifupi 40 m'masekondi 11. Mtundawo ndi wochepa, koma chodabwitsa chinali chakuti kankadziwongola kokha popanda munthu wokagwira. Pénaud anachita zinthu ziwiri. Nsonga za mapiko anazikweza m'mwamba pang'ono, kuti kandege kakapendekera mbali imodzi, phiko la m'munsi lizikoka mpweya wambiri n'kukabwezera pamalo. Mchira anauika mopendeka pang'ono poyerekeza ndi phiko, kuti mutu ukagwa pansi liwiro likule ndipo mchira uukwezenso. Zinthu ziwiri zimenezi ndi zimene tindege ta ana athu tilibe. Mapiko awo amakhala athyathyathya ngati tebulo, mchira n'kukhala chokongoletsa chabe. Pénaud anamwalira mu 1880 ali ndi zaka 30, atasowa omuthandiza kumanga ndege yaikulu.

Zaka ziwiri iye asanamwalire, mu 1878, m'busa wina wa ku America, Milton Wright, anabweretsera ana ake aamuna kachidole kouluka ka nsungwi, pepala ndi mphira, kopangidwa motengera nzeru za Pénaud yemweyo. Wilbur ndi Orville anasewera nako mpaka kanathyoka, kenako anayamba kumanga tawo. Atakula anakhala okonza njinga, ntchito imene ili pansi pa mtengo uliwonse pa Waliranji, ndipo pa 17 December 1903 ndege yawo inanyamuka ndi munthu ku Kitty Hawk. Ulendo woyambawo unali wa masekondi 12, mtunda wa mamita pafupifupi 37. Ndimakonda kuuza ana a Folomu 3 kuti ndege yoyamba ya munthu inaposedwa mtunda ndi chidole cha mphira chimene chinauluka zaka 32 m'mbuyomo.

Tindege timene lero amatitcha takale, timene nkhani yanga yagonapo, ndi ta zaka za pakati pa 1930 ndi 1950. Charles Lindbergh atawoloka nyanja ya Atlantic yekha mu 1927, anyamata a ku America ndi ku Ulaya anapenga ndi ndege. Magazini ankasindikiza mapulani, masitolo ankagulitsa timitengo todula kale, ndipo masukulu anali ndi makalabu ake. Mu 1928 ku England kunayamba mpikisano wa Wakefield Cup wa tindege ta mphira, umene ulipo mpaka lero. Anapereka chikhocho ndi Charles Wakefield, mwini kampani ya Castrol, ndipo dzina la Castrol linachokera ku mafuta a nsatsi, zomwe zija zimamera zokha kuseri kwa khola. Mafuta a nsatsi tikumana nawonso.

Chimene chinasintha zinthu nthawi imeneyo ndi mtengo wa balsa. Umamera kwambiri ku Ecuador, umakula msanga, ndipo ukauma umapepuka moti thabwa lalikulu mwana amalinyamula ndi zala ziwiri, koma ndi wolimba poyerekeza ndi kulemera kwake. Umadulika ndi lezala. Mu 1930 mnyamata wa ku America, Joe Ehrhardt, anapambana Wakefield Cup ndi kandege ka balsa, ndipo Angerezi, amene ankamanga ndi matabwa olemera ndi waya, anasiya njira yawo. Kamangidwe kake kanali kotere: pulani ya pepala amaiyala pa thabwa, timitengo ta balsa amatibaya ndi mapini pamwamba pa mizere ya pulaniyo, n'kumata ndi guluu. Phiko limakhala ndi nthiti zambiri zokhota pamwamba, zolumikizidwa ndi mitanda iwiri kapena itatu. Akamaliza amakuta ndi pepala lopyapyala kapena nsalu ya silika, n'kupaka mankhwala okunga. Amene anamangapo chigafa cha fodya kapena nkhokwe amvetsa msanga, chifukwa nzeru yake ndi imodzi: timitengo tofooka tikamangidwa mopingasana timanyamula katundu.

Kenako kunabwera injini. Bill Brown wa ku Philadelphia anapanga kainjini ka petulo kokwana m'dzanja, ndipo mnzake Maxwell Bassett anakaika pa ndege yake. Mu 1933 Bassett anasesa mipikisano ya dziko lonse la America, moti okonza mipikisano anapatula gulu la ainjini kuti amphira asamangogonja. Mainjini amenewa anali ngati a njinga yamoto: pulagi, koyilo, kondensa ndi mabatire a tochi, zonsezi zili m'mphuno mwa ndege. Chimenechi chikumbukireni, chifukwa chidzativuta tikafika pa magetsi. M'zaka zochepa zotsatira kunabadwa ndege zimene mayina awo akumvekabe: Lanzo Bomber ya Chester Lanzo mu 1938, Zipper ya Carl Goldberg mu 1939, Playboy Senior ya Joe Elgin ndi Buzzard Bombshell ya Joe Konefes mu 1940. Nkhondo yachiwiri itatha, ku Britain kunatuluka Junior 60 ya Albert Hatfull mu 1946, ya mapiko a mainchi 60, pafupifupi mita ndi theka, ndiponso Tomboy ya Vic Smeed mu 1950, kandege kakang'ono ka anthu oyamba kumene. Angerezi ankakonda timainjini ta dizilo ngati Mills .75, timene tinkamwa ether wosakaniza ndi parafini ndi mafuta a nsatsi aja.

Ndege zonsezi zinalibe woziwongolera, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu ankaliza injini, n'kuiponya, basi. Injini inkalira masekondi ochepa, ndege n'kukwera mozungulira, kenako n'kuyamba kutsetsereka yokha. Wopambana anali amene ndege yake yakhalitsa m'mwamba. Motero wojambula pulani ankakakamizika kupanga ndege yodzisamalira: mapiko aakulu okwezeka m'nsonga, oikidwa pamwamba pa thupi, mchira waukulu, ndi liwiro lochepa. Vuto lawo linali la mtundu wina. Ndege yabwino ikakumana ndi mpweya wotentha wokwera m'mwamba, umene akabawi amazungulira nawo masana a mu October, inkapita osabwerera. Eni ake ankalemba dzina ndi keyala pa phiko. Pambuyo pake anatulukira kachingwe koyaka pang'onopang'ono, kamene kakapsa kankadula mphira, mchira n'kudzuka, ndege n'kutsika. Kwathu kuno, pa udzu wouma wa m'chilimwe, kachingwe kameneko kakanatiitanira mlandu kwa amfumu.

Wailesi inabwera pofuna kuthetsa vuto lomwelo. Mapasa awiri a ku Kalamazoo, Walter ndi William Good, mmodzi womanga ndege, wina wodziwa za mawailesi, anaulutsa ndege yawo yotchedwa Guff mu 1937. Mapiko ake anali mamita awiri ndi theka kupelewera pang'ono, chifukwa wailesi ya masiku amenewo inali ya mavalavu agalasi ndi mabatire olemera. Anapambana mpikisano wa dziko lawo mu 1938, 1939 ndi 1940, ndipo ndegeyo ili m'manja mwa National Air and Space Museum ku Washington. Kwa zaka zambiri pambuyo pake rimoti ya munthu wamba inali ndi batani limodzi. Ukadina kamodzi chiwongolero cha kumchira chinkakhotera kumanja, ukasiya chinkabwerera, ukadinanso kumanzere, ndipo mphamvu yochikhotetsa inkachokera ku mphira wopota m'mimba mwa ndege. Ukaiwala kuti wadina kangati, ndege inkalowera kumene sukufuna. Marimoti a timitengo tiwiri togwira ndi zala, oti ukakankha pang'ono ndege ikhota pang'ono, anafala m'zaka za m'ma 1960. Komabe anthu awiri sankatha kuulutsa pa nambala imodzi ya wailesi nthawi imodzi, moti pabwalo pankakhala thabwa la mapegi, ndipo wopanda pegi sankayatsa rimoti yake. Izi zinatha cha m'ma 2005 pamene marimoti a 2.4 GHz anafika, oti rimoti iliyonse imamvana ndi ndege yake yokha.

Panali munthu winanso, Reginald Denny, wochita mafilimu ku Hollywood amene anali ndi sitolo ya tindege. Kampani yake ya Radioplane inapangira asilikali a America ndege zoyendera wailesi pafupifupi 15,000 pa nkhondo yachiwiri, zoti aziphunzirira kuwombera. Zimene lero timati drone zinachokera mumzere umenewo.

Nanga ife tinali kuti? Pamene anyamata a ku London ankamata Junior 60, Mchinji inali Fort Manning, ndipo ndege inali chinthu cha bwanamkubwa ndi atsamunda. Central African Airways inayamba mu 1946, ndipo pambuyo pake tindege take ta Beaver tinkatera m'mabwalo a fumbi a Nyasaland. Air Malawi inabadwa mu 1964. Anthu akumudzi amene anakwera ndege ambiri anali opita ku migodi ndi WENELA, kudzera ku Francistown. Ankabwera ndi nkhani za makutu kutseka ndi mitambo kukhala pansi pa mapazi, ndipo ana ankamvetsera. Maulendowo anaima pambuyo pa ngozi ya pa 4 April 1974, pamene ndege ya WENELA inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ndiye mwana wa kuno ankaidziwa ndege ndi maso ndi makutu. Balsa kunalibe, magazini a mapulani kunalibe, ether wa injini ukanamupeza kuti? Iye anatenga waya wa mpanda n'kumanga chimene anaona.

Magetsi ndi amene atsegula khomo, koma anachedwa. Mu 1957 Colonel H. J. Taplin wa ku England anaulutsa ndege yotchedwa Radio Queen ndi mota ya magetsi ndi wailesi. Mu 1960 kampani ya Graupner ya ku Germany inayamba kugulitsa Silentius, kandege ka batire kojambulidwa ndi Fred Militky. Militky yemweyu mu 1973 anathandiza kuulutsa ndege yoyamba ya magetsi yonyamula munthu, ku Austria. Apanso chidole chinatsogola, ndege yaikulu n'kutsatira. Koma kwa zaka makumi atatu omanga tindege ankaseka magetsi, ndipo anali ndi zifukwa. Mabatire a NiCd ankalemera, mota zinali zofooka, ndege inkakwera mokakamiza n'kutera patangopita mphindi zochepa. Zinthu zinatembenuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene mabatire a LiPo, apachibale ndi a m'mafoni athu, anakumana ndi mota zopanda maburashi za maginito amphamvu. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anthu ambiri oyamba sankagula mota zimenezi. Ankazula kamota ka m'chipangizo chozunguza CD cha kompyuta yakufa, n'kukulunganso waya wake pamanja, n'kusintha maginito. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, pomanga makina ake a mphepo ndi dayinamo ya njinga mu 2002, ankachita zofanana ndi zimene anzake a ku Germany ankachita m'magalaja mwawo zaka zomwezo.

Nthawi imeneyi n'kuti ku America kuli kale bungwe la Society of Antique Modelers, loyamba m'zaka za m'ma 1960, la anthu omanganso ndege zojambulidwa chaka cha 1942 chisanathe. Anzawo a ku Britain amawerengera mpaka cha m'ma 1950. Poyamba ambiri a iwo anali madala ofuna kubwerera ku unyamata wawo, fungo la nsatsi ndi phokoso lomwe. Magetsi atakhwima, ambiri anazindikira kuti ndege zakalezi ndi zimene zimagwirizana nawo koposa. Ndege yodziwongola yokha, youluka pang'onopang'ono, sifuna mphamvu zambiri ndipo imakhululukira wophunzira. Akasokonezeka amangosiya rimoti, ndegeyo n'kudzikonza yokha monga anaijambulira Hatfull mu 1946.

Kusinthako kumachitika motere, ndipo aphunzitsi a Fizikisi muona kuti silabasi yathu ili momwemu. Pulani imakhala yomweyo. Pa mchira woimirira amadulapo kachigawo kakumbuyo n'kukalumikiza ndi mahinji kuti kazikhotetsa ndege. Pa mchira wogona amachita chimodzimodzi kuti ndege izikwera ndi kutsika. Chilichonse mwa ziwirizi chimakokedwa ndi servo, kabokosi kakang'ono ka mota ndi magiya, kolemera magalamu 9 pa ndege yaing'ono. Njira yachitatu ya rimoti imapita ku ESC, kachipangizo kowonjezera ndi kuchepetsa liwiro la mota. Njira zitatu basi, pa mapiko sakhudzapo. Mphamvu yofunika amaiwerengera pa kulemera: ndege yakale yodekha imakhutira ndi mawati pakati pa 110 ndi 150 pa kilogalamu iliyonse. Selo imodzi ya LiPo imapereka mavoti 3.7, ikadzaza 4.2, ndipo zitatu zolumikizidwa mondondozana zimapereka 11.1. Mwana amene amaloweza kuti mphamvu ndi mavoti kuchulukitsa ndi maampu, apa amaona ntchito yake, chifukwa akawerengera molakwa ESC imapsa.

Chovuta chenicheni ndi kulemera kwa mphuno. Paja ndinati injini zakale zinali ndi koyilo, kondensa ndi mabatire kutsogolo. Pa chifukwa chimenecho ndege zambiri zakale zili ndi mphuno yaifupi ndi mchira wautali. Mota ya lero ndi yopepuka kwambiri, ndiye ukangoiika m'malo mwa injini, ndege imalemera kumbuyo. Ndege yolemera kumbuyo imadzutsa mutu, liwiro n'kutha, n'kugwa chamutu, n'kudzukanso, mpaka itaswa mphuno. Mankhwala ake ndi kukankhira batire kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa mota, ndi kumanga mchira mopepuka momwe ungathere. Galamu imodzi yowonjezera kumchira imafuna magalamu atatu kapena anayi kumphuno, chifukwa mkono wa kumchira ndi wautali. Amenewa ndi ma moments a m'buku aja, amene ana amawadana nawo pa bolodi. Poyesa, umaika zala ziwiri kunsi kwa mapiko pa malo amene pulani yasonyeza, chimene m'kalasi timati centre of gravity. Pa ndege ngati Junior 60 malowa amakhala cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo. Pa zina za mchira waukulu ngati Zipper amakhala kumbuyo kwambiri, ndiye osangoganizira, tsatani pulani. Mota nayonso saiika molunjika. Amailozetsa pansi pang'ono ndi kumanja pang'ono, kuti mphamvu ikawonjezeka ndege isadzuke mopitirira ndiponso isakhotere kumanzere chifukwa cha kuzungulira kwa pulopela.

Wina anena kuti aphunzitsi, zonsezi n'za anthu okhuta a ku Ulaya. Ndimuyankha ndi Kasungu, boma loyandikana nafe. Mu March 2016 UNICEF ndi boma anayesa kutumiza magazi oyezera HIV mwa makanda pa drone mumzinda wa Lilongwe. Mu June 2017 anatsegula dera loyeserera ndege zoterezi mozungulira bwalo la ndege la Kasungu, makilomita 40 mbali zonse. Mu November chaka chomwecho gulu la ku Virginia Tech, lotsogozedwa ndi Kevin Kochersberger, linaphunzitsa ophunzira a ku Malawi kumanga kandege kotchedwa EcoSoar. Thupi lake linali la makatoni a thovu opepuka ndi tizigawo ta pulasitiki, mtengo wake pafupifupi madola 350. Kandege komangidwa ndi manja a Amalawi kanauluka makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode kukafika pa bwalo la Kasungu, katanyamula kaphukusi koyerekezera katundu wa chipatala. Mukakaphwasula mupezamo mota yopanda maburashi, ESC, batire ya LiPo ndi ma servo, zomwe zija ndatchula, kungowonjezerapo kakompyuta ndi GPS. Kochersberger ameneyu ndi yemwe anakhala pa chiwongolero cha ndege yofanizira ya abale a Wright ku Kitty Hawk pa 17 December 2003, pokumbukira zaka 100. Tsikulo kunagwa mvula, mphepo inachepa, ndege inakana kunyamuka. Mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi Malawi University of Science and Technology. Achinyamata oyamba kulowa kumeneko anayenera kuphunzira ali akuluakulu zimene mwana wa ku Kalamazoo ankazidziwa ali ndi zaka 12. Chimenechi chimandipweteka, chifukwa ana a m'sukulu zathu zoyendera, zopanda labotale, akapikisana nawo pa malo oterowo adzapezeka kumbuyo pa chinthu chimene tikanawaphunzitsa ndi lezala ndi guluu.

Balsa tilibe, koma tili ndi chiwale. Mkati mwa phesi la chiwale louma ndi mopepuka ndi mofewa, mumadulika ndi lezala, ndipo akalipentala akumudzi akhala akupangira zitseko ndi mipando kuyambira kale. Sichifika pa balsa. Chimang'ambika motsatira ulusi wake ndipo chimamwa guluu wambiri, amene amalemeretsa ndege. Komabe pa nthiti za phiko chimagwira ntchito. Nsungwi yong'ambidwa mopyapyala ndi yabwino pa mitanda ndi pa nsonga zokhota, ndipo amisiri a m'ma 1930 nawonso ankaigwiritsa ntchito pamenepo. Thovu loyera lija amatchinjirizira mawailesi ndi mafiriji m'makatoni limachita bwino pa mchira. Mphira ndiye wovuta: wa chubu cha njinga ndi wouma mutu ndipo umatha mphamvu msanga, timphira tomangira ndalama tolumikizalumikiza timaposa. Mapulani, amene agogo athu sakanawapeza, lero ali pa intaneti mwaulere. Pa Outerzone pali masauzande, Tomboy ndi Junior 60 zomwe. Umasindikiza pa mapepala a A4 n'kuwalumikiza ndi selotepi, kungoonetsetsa kuti makina osindikizira sanachepetse kukula kwake.

M'kalabu yathu ya sayansi tinayamba ndi toponya pamanja, ta mapiko a masentimita 40, topanda injini. Lamulo ndi limodzi: kandege kasanakongoletsedwe kayambe kauluka. Mtsikana wina wa Folomu 2 anamata kandalama kachitsulo pa mphuno ya kake, n'kumakasuntha pang'onopang'ono poponya kulikonse, mpaka kandegeko kanadutsa kutalika kwa bwalo la netibolo. Anyamata amene ankaseka anapita kukafuna ndalama zawo. Aphunzitsi anzanga, gawo limeneli silifuna thandizo la bungwe lililonse, ndipo ndikukupemphani muliyese musanayambe kuphunzitsa za ma moments teremu ikubwerayi.

Ya magetsi ndiyo ikufuna inu ana anga amene muli kutali. Tikumanga Junior 60. Mapiko tamaliza, nthiti za chiwale ndi mitanda ya nsungwi, ndipo thupi lili pa thabwa ndi mapini ake. Tikamaliza kukuta tidzayamba taiponya yopanda mota kuchokera pa chulu, m'mamawa mphepo isanadzuke, mpaka itatsetsereka mowongoka. Mwera wa mu June ndi July ndi akamvuluvulu a masana m'chilimwe sagwirizana ndi ndege yopepuka chotere. Tidzaulutsira pa dambo lotalikirana ndi nyumba, mawaya a magetsi ndi msewu wa M12, ndipo popeza boma lathu ndi la m'malire, tidzayamba tadziwitsa amfumu ndi apolisi, ndi kufunsa akuluakulu oona za maulendo a ndege zimene malamulo akunena. Munthu woona chinthu chachilendo chikuzungulira pamwamba pa munda wake m'bandakucha, inu mukudziwa zimene angaganize, ndiye makolo tidzawaitana adzaone ndi maso ndi kugwira ndi manja.

Chotchajira chake chimayendera mavoti 12, ndiye sola ya pasukulu ikwanira. Batire ya LiPo ikabooka kapena ikatchajidwa mopitirira imayaka moto wovuta kuzimitsa, choncho tidzatchajira panja, mumphika wadothi wothira mchenga, kutali ndi denga la udzu. Zimene zikusowa ndi mota ya mawati 200 kapena kuposerapo pang'ono, ESC ya maampu 30, ma servo awiri, mapulopela angapo a mainchi 10 kapena 11 chifukwa amathyoka, batire ya maselo atatu, ndi rimoti ya 2.4 GHz ndi risiva yake, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. M'sitolo za pa Kamwendo ndi pa boma sindinazionepo. Amene mukubwera pa Khirisimasi ndi basi ya ku Joni, batireyo muikulunge payokha, mutseke mawaya ake ndi tepi, ndipo ikhale m'chikwama cha m'manja, isapanikizidwe pansi pa katundu.